Adzukulu a matchona ndi chitupa cholembedwa ALIEN

Mwezi wa Febuluwale ndinalandira uthenga pa Facebook kuchokera kwa mayi wina wachitsikana amene sindinkamudziwa. Poyamba ndinaganiza kuti ndi aja ofuna kukupusitsa kuti uwatumizire ndalama, chifukwa anayamba ndi mawu akuti "achimwene" pomwe ine alongo anga ndimawadziwa, alipo awiri basi. Koma anatchula mudzi wathu wa ku Ntcheu, natchulanso dzina la pautsikana la agogo anga aakazi, lija limene ngakhale ine ndimalimva pa maliro pokha. Chichewa chake chinali chokalamba, chonga cha agogo omwewo, chosakanikirana ndi Chishona. Anati amakhala ku Kadoma, ku Zimbabwe, ndipo agogo ake aamuna anali mlongo wawo wa agogo anga.

Nkhani ya mlongo ameneyo kwathu imadziwika. Anachoka mu 1952 ndi Mthandizi, analemba makalata awiri, anatumiza bulangete ndi ndalama ya msonkho, kenako zii. Agogo akamamutchula amangoti "uja anatchona".

Msuweni wangayo sankafuna ndalama. Anali ndi funso: "Achimwene, inu munapita kusukulu. Kodi ife kumeneko timawerengedwa? Tingapeze pepala la Malawi?" Mwana wake akuyandikira mayeso a Giredi 7 ndipo kusukulu akufuna setifiketi ya kubadwa. Kuti mwana alembetsedwe pamafunika mapepala a mayi, ndipo mayiyo alibe. Bambo ake, amene anabadwira pa famu ya fodya mu 1961 n'kumwalira mu 2016 osapondako dziko lina lililonse, anali ndi chitupa chachitsulo cholembedwa mawu akuti ALIEN, kutanthauza mlendo. Mayi ake, mwana wa anthu a ku Tete, analibe ndi chitupa chomwe. Iye anapitapo ku ofesi ina kawiri, ndipo kawiri konseko anamuuza kuti akafunse kwawo.

Ine si loya. Ku yunivesite ndinaphunzira mbiri yakale, ndiye ndinachita zomwe ndimatha, kubwerera m'mbuyo kukaona pomwe ulusi unasokonekera.

Anthu athu anayamba kupita ku Halale ndi ku Joni chifukwa cha msonkho. Atsamunda atakhazikitsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, mwamuna aliyense anayenera kupeza ndalama, ndipo kuno migodi kunalibe. Kunali minda ya azungu ya ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, ya malipiro ochepa ndi thangata. Choncho ankanyamula ufa ndi mkeka, kuyenda pansi kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi. Kamuzu Banda yemwe anayenda njira ya mtundu umenewu ali mnyamata cha m'ma 1915, nagwirako ntchito ku Hartley, kumene lero ndi Chegutu, asanapitirire ku Joni. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay anadutsanso ku Rhodesia asanakayambitse bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Mu 1903 eni migodi a ku Southern Rhodesia anakhazikitsa bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesia Native Labour Bureau. Anthu ankangolitcha chibalo, ndipo tanthauzo la mawu amenewo mukulidziwa.

Pofika mu 1935 boma la Nyasaland linachita mantha ndi kutha kwa amuna m'midzi, ndipo linasankha komiti yotsogozedwa ndi Travers Lacey kuti ifufuze. Komitiyo inayerekeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko, ndipo ena mwa iwo anali atasiya kale kulemba makalata. Zotsatira zake sizinali kuletsa anthu kupita. Maboma a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia anasainirana pangano mu 1936 kuti ulendowo uziyenda mwadongosolo. Kunabwera malole a Ulere onyamula anthu osalipira, ndipo mu 1946 kunabwera bungwe lija anthu analitcha Mthandizi. Maganizo a mapangano onsewa anali amodzi: munthu apite ndi chitupa, agwire ntchito kwa kanthawi, gawo la malipiro ake akalandirire kumudzi, ndipo abwerere. Pa mapepala onse amene mlongo wa agogo ananyamula mu 1952, panalibe ndi limodzi lomwe lonena kuti angathe kukhala kumeneko mpaka kufa.

Pano ndiime pang'ono, chifukwa ndi pamene ambirife timasokonezeka mpaka lero. Malamulo a maiko ambiri amazindikira anthu a mitundu itatu, ndipo kumudzi kwathu tili nawo onse. Pali mlendo, amene amabwera ndi chifukwa chake ndipo tsiku lochoka limadziwika. Ameneyo ndi wa viza kapena chilolezo cha kanthawi, kaya cha ntchito, kaya cha sukulu, kaya chongocheza. Pali mkamwini, amene amalima munda, kumanga nyumba, kubereka ana, osafunsidwa kuti muchoka liti, koma pa nkhani ya ufumu salankhula, ndipo akalakwa kwambiri amamusonyeza njira. Ameneyo ndi wa chilolezo chokhalitsa, chija kuno timachitcha PRP. Ndiye pali mwana wa pamudzi, nzika, amene ngakhale atalakwa chotani mulibe kwina komuthamangitsira. Chofunika kumvetsa n'chakuti mlendo sasanduka mkamwini chifukwa choti wagona masiku ambiri pamudzi. Pamafunika ankhoswe akhale pansi. Zaka zimene wakhala m'dziko zingakupatse ufulu wopempha, koma pazokha sizikupatsa pepala.

Matchona ambiri sanaone chifukwa chopemphera. Kuyambira mu 1953 mpaka kumapeto kwa 1963 maiko atatuwa anali m'chitaganya chimodzi, ndipo munthu wa ku Ntcheu wogwira ntchito pa famu ya ku Mazowe kapena pa mgodi wa ku Shamva sanali kunja kwenikweni. Anakwatira, ana anabadwa, gule wamkulu anavinidwa pa komponi Lamlungu lililonse. Chitaganya chitatha, Malawi atalandira ufulu pa 6 Julaye 1964, Ian Smith atadzilengeza yekha ufulu mu Novembala 1965, malire anamera kumbuyo kwawo iwo ali pa ntchito. Mu 1966 Malawi anakhazikitsa lamulo lake la unzika, losalola munthu wamkulu kukhala nzika ya maiko awiri.

A Wenela nkhani yawo inapita kwina. Iwo ankapita pa kontrakiti, osaloledwa kutenga mabanja, ndipo ikatha ankawabweza. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown pa 4 Epulo 1974 n'kupha Amalawi 74, Kamuzu analetsa kulemba anthu, ndipo zikwizikwi anabwerera. Ntchito inayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, n'kutheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza HIV. Chowawa chake n'chakuti mu 1995, boma la Mandela litapereka mwayi woti ogwira ntchito m'migodi ochokera kunja amene anagwirako zaka zambiri apemphe chilolezo chokhalitsa, Amalawi ambiri amene anathera unyamata wawo pansi pa nthaka ya Joni anali atakhala kale pakhonde kumudzi. Komabe iwo kwawo kunkadziwika. Vuto linatsalira aja a ku Halale amene palibe anawabweza.

Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, malamulo oyendetsera dziko amene anagwirizana ku Lancaster House ankalola unzika wa maiko awiri. Mu 1983 ndime imeneyo inachotsedwa, ndipo lamulo la unzika la 1984 linati aliyense amene ali ndi unzika wina aukane pofika kumapeto kwa 1985. Kukanako kunali kosavuta, kungosaina fomu pamaso pa ofesala wa boma la Zimbabwe. Lamuloli kwenikweni linkaloza azungu a mapasipoti a ku Britain, ndipo nkhani yake inkamveka m'nyuzipepala za m'tauni. Munthu wosankha fodya m'shedi pa famu ya ku Karoi akanaimva kuti? Amene sanasaine anataya unzika koma anatsala ndi ufulu wokhalitsa m'dzikomo, ndipo ankaloledwabe kuvota. Anasanduka akamwini m'mudzi umene ena a iwo anabadwiramo, koma popeza moyo wa tsiku ndi tsiku sunasinthe, ambiri sanadziwe n'komwe kuti china chachitika.

Chinadzawadzutsa ndi chaka cha 2000. Mu Febuluwale boma la Robert Mugabe linagonja pa referendamu ya malamulo atsopano, ndipo mu Juni chipani chatsopano cha MDC chinapeza mipando 57 mwa mipando 120 yopikisanirana. A ZANU-PF anakhulupirira kuti azungu a m'mafamu ndi antchito awo ndi amene anavotera otsutsa. Mafamu atayamba kulandidwa, antchitowo anataya ntchito ndi nyumba tsiku limodzi, ndipo pogawa malo ochepa okha ndi amene anaganiziridwa. Kenako mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa. Tsopano kusaina fomu ya Zimbabwe sikunali kokwanira, munthu anayenera kukana unzika winawo motsatira malamulo a dziko linalo, n'kubweretsa umboni, m'miyezi 6 yokha, pofika pa 6 Januwale 2002. Chisankho cha pulezidenti chinali mu Malichi chaka chomwecho. Mkulu wa kaundula wa boma pa nthawiyo, Tobaiwa Mudede, anamasulira lamulolo mokulitsa: ngakhale munthu amene sanakhalepo ndi pasipoti ya dziko lina, bola kholo lake linabadwira kunja, anayenera kukana.

Taganizani zimene ankauzidwa bambo a msuweni wanga. Apite ku Harare, ku ofesi ya kazembe wa Malawi, akakane unzika wa Malawi. Koma kuti ukane chinthu uyenera kusonyeza kaye kuti ndi chako, ndipo iwo analibe pepala lililonse la Malawi. Bambo awo anali atamwalira, chitupa cha Mthandizi chinadyedwa ndi chiswe kalekale. Ku Zimbabwe ankati ndinu Mmalawi mpaka mutatsimikiza kuti si inu, ku Malawi ankati sitikukudziwani mpaka mutatsimikiza kuti ndinu wathu. Judith Todd, wobadwira m'dzikomo, mwana wa Garfield Todd amene anali nduna yaikulu ya Southern Rhodesia kuyambira 1953 mpaka 1958, anakamenya nkhondo imeneyi kukhoti chifukwa bambo ake anabadwira ku New Zealand. Anapambana ku High Court mu 2002, n'kukagonja ku Supreme Court mu 2003. Ngati zinamukanika munthu wa maloya ndi dzina lotchuka, nanga wa pa komponi?

Mu 2003 boma linafewetsako lamulo kwa obadwira ku Zimbabwe amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC kudzagwira ntchito za m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba, kuti azingosaina fomu yotsimikiza unzika wawo. Koma chisankho chinali chitadutsa, ndipo ambiri analibe setifiketi ya kubadwa yoyambira nayo. Mu 2005 malamulo oyendetsera dziko anasinthidwanso, ndipo ufulu wovota uja umene okhalitsa anatsala nawo kuyambira mu 1985 unachotsedwa. Chaka chomwecho kunabwera Murambatsvina, kugwetsa nyumba m'matauni, ndipo nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, inayerekeza kuti anthu 700,000 anataya nyumba kapena njira yopezera ndalama. Ogwetseredwawo ankauzidwa kuti abwerere kumudzi. Mdzukulu wa mtchona wobadwira ku Mbare mudzi wake ndi uti? Apa ndi pamene ndinamvetsa kuti chilolezo chokhalitsa chimakhalitsa malinga ngati opanga malamulo sanasinthe maganizo.

Chimene chimandipweteka kwambiri pa nkhaniyi ndi mawu. Anthu athu kumeneko amatchedwa Mabhurandaya, kuchokera ku dzina la Blantyre, ngakhale munthu akhale wa ku Mzimba kapena ku Chipata. Mugabe yemwe ananyozapo anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mutupo, ndiye kuti opanda chiwongo, zimene zimandiseketsa mowawa ndikaganiza za a Phiri, a Banda, a Mwale ndi a Mbewe amene adzaza m'buku la mafoni la ku Harare. M'zaka zomwezo dziko lonse linkavina nyimbo za Alick Macheso ndi Nicholas Zakaria, ana a m'mafamu a magazi a ku Malawi, oimba zina m'Chichewa, ndipo linkakuwira zigoli za Benjani Mwaruwari, mwana wa Amalawi wobadwira ku Bulawayo, amene anafika mpaka ku Manchester City. Pa bwalo la mpira palibe ankafunsa chitupa.

Palinso china chimene ndinachiona ndikucheza ndi agogo. Kwa Ashona mwana ndi wa bambo, amatenga mutupo wa bambo, kwawo ndi kwa bambo. Kwa ife a ku Ntcheu kuno, m'mudzi wathu wa chikamwini, mwana ndi wa kwa mayi. Ndiye mlongo wa agogo atakwatira mkazi wa Chishona wa ku Mhondoro, a kuchikazi ankaona ana aja ngati Amalawi, ndipo kwathu, akanawadziwa, akanati ndi ana a eni ake kumeneko. Miyambo iwiriyi inawakankha ana aja boma lisanayambe n'komwe. Malamulo a Zimbabwe nawo kwa nthawi yaitali ankatsata bambo pa ana obadwa m'banja, mpaka mu 1996.

Zinthu zinasintha pa pepala mu Meyi 2013, malamulo atsopano oyendetsera dziko atayamba kugwira ntchito. Ndime 43 imati munthu amene anabadwira ku Zimbabwe tsiku limenelo lisanafike, kholo lake limodzi kapena onse ali nzika za dziko la SADC, ndipo iye akukhala ku Zimbabwe, ndi nzika yobadwa nayo. Chaka chomwecho khoti loona za malamulowa linagamula pa mlandu wa Mutumwa Mawere kuti nzika yobadwa nayo siingalandidwe unzika chifukwa choti ili ndi wa dziko lina. Kumapeto kwa 2017 High Court inalamula kuti a zitupa za ALIEN aloledwe kulembetsa m'kaundula wa mavoti akasonyeza umboni wa kubadwa kwawo. Ndiye kuti bambo a msuweni wanga anamwalira mu 2016 ali nzika yeniyeni ya Zimbabwe, chitupa m'thumba mwawo chikunenabe zina. Ndipo sali okha. Lipoti la Amnesty International la mu 2021 linatchula chiyerekezo cha bungwe la UNHCR chakuti anthu pafupifupi 300,000 m'dzikomo ali pachiopsezo chokhala opanda dziko, ndipo ambiri mwa iwo ndi adzukulu a ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia.

Tsono funso lake lija, la pepala la Malawi. Nyumba ya Malamulo yathu inavomereza unzika wa maiko awiri kumapeto kwa 2018, ndipo anthu ambiri anamva ngati chitseko chatsegukira aliyense wa magazi a kuno. Koma lamulo lathu la unzika, kwa munthu wobadwira kunja, limayang'ana bambo kapena mayi amene ndi nzika yobadwira ku Malawi. Silifika kwa agogo. Bambo ake akanatha kuyesa njira imeneyo ali moyo, iye ndi m'badwo umodzi kutali. Ndinavutika kumulembera zimenezi, chifukwa ndinkadziwa kuti pofunsa za pepala ankafunsanso ngati tikumufuna.

Yankho linali mbali imene sankayang'anako. Ndime 36 ya malamulo a Zimbabwe a 2013 imati wobadwira m'dzikomo ndi nzika yobadwa nayo ngati mayi kapena bambo ake anali nzika pa nthawiyo, kapena ngati mmodzi mwa agogo ake anali nzika yobadwa nayo kapena yotengera kwa makolo. Agogo ake aakazi aja a ku Mhondoro anali otero. Zaka zonsezi banja lakhala likusakasaka mapepala a mwamuna amene anachokera ku Ntcheu, pomwe munthu wofunika ndi mkazi amene sanachoke kwawo. Nditawafotokozera agogo anga anaseka mpaka kutsokomola. "Nanga si ndi zomwe timanena ife? Mwana n'ngwa mayi."

Ndikulemba izi ndikudziwa kuti ena mukuwerenga muli ku Joni, pa foni, pa nthawi yopuma. Pasipoti ya Malawi imakulowetsani ku South Africa masiku 30 opanda viza, ndipo amenewo ndi masiku a mlendo, si a ntchito. Kuyambira mu 2014, wopitirira masiku ake amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi ngati wapitirira ndi masiku osaposa 30, ndi zaka 5 ngati waposa pamenepo. Lamulo lawo la 2002 limalola kupempha chilolezo chokhalitsa kwa amene wakhala zaka 5 ndi viza ya ntchito ndipo walonjezedwa ntchito yokhazikika, kapena amene wakhala zaka 5 m'banja ndi nzika kaya ndi munthu wokhalitsa. Zaka za wopanda mapepala siziwerengedwa, zikhale 20. Mwana wobadwira kumeneko kwa makolo achilendo sakhala nzika chifukwa chobadwirako. Angathe kupempha akafika zaka 18 ngati wakulira komweko ndipo kubadwa kwake kunalembetsedwa. Mawu otsirizawo ndi omwe anasowa pa famu ija mu 1961, n'kusowanso mu 1994 msuweni wanga atabadwa. Mwana wa Giredi 7 wa ku Kadoma ndi m'badwo wachinayi kuchokera pa munthu amene anakwera lole ya Mthandizi.

Msuweni wanga anapita ku Mhondoro mwezi watha. Anakapeza mng'ono wawo wa agogo ake akadali moyo, wogontha khutu limodzi, ndipo sabhuku wa kumeneko, ndiye nyakwawa yawo, anavomera kulemba kalata yoikira umboni. Chitupa cha malemu agogowo anachipeza m'sutikesi ya zovala za kutchalitchi. Ananditumizira chithunzi chake pa WhatsApp, chachitsulo ngati cha bambo ake, koma chopanda mawu aja. Akuti mwezi uno abwereranso ku ofesi ndi mboni ziwiri.

Agogo anga sanakhutire kuti kwathu tisatumize kanthu. Anandikakamiza kupita nawo kwa nyakwawa yathu, imene inalemba kalata ya chidindo yonena kuti mlongo wawo anabadwira m'mudzi muno. Ndinawauza kuti kalatayo ku Kadoma sikagwira ntchito iliyonse, iwo anati ujambule utumize basi. Polemba m'pamene tinazindikira kuti dzina limene msuweni amadziwa agogo ake nalo si limene anachoka nalo kuno. Zikuoneka kuti analembetsa ndi dzina la mnzake amene anali atalipira kale msonkho. Nyakwawa inalemba maina onse awiri, lina pamwamba lina pansi. Kenako agogo anandilanda foni, n'kufunsa kuti ndidine pati kuti mawu awo akamveke ku Halale. Analankhula mphindi 4. Anamuuza dzina la mayi wawo, dzina la mtsinje umene mlongo wawoyo ankawedzako nkhanu, ndi kuti bulangete lija linatha mu chaka cha njala ya 2002. Pomaliza anafunsa ngati pa manda ake analembapo dzina, ndipo ngati analemba, analemba liti.